Mpando wa Onarebo ndi Thunthu la Nthochi

1

Dzina langa ndine Lisnet, koma pa msika wa Huruyadzo ku Chitungwiza, pamene ndimagulitsa matemba ndi tomato, amandidziwa kuti Mai Vongai. Ndine amene ndinagwetsa phungu wa Nyumba ya Malamulo pa mpando wake, ndipo tsiku limene anagwalo ndinadya bwino, ndinagonanso tulo tofa nato. Ngati mukudikira misozi ya kulapa pa tsamba lino, khalani pansi kaye, mungatope.

Phunguyo timutchule kuti Onarebo Bothwell Mukarati. Anali munthu wosalala khungu ndi lilime lomwe, wosakwiya, wosafuula. Akamadutsa pa msika anthu ankamuombera m'manja n'kumamutchula ndi mfunda wa Chishona kuti, "Mhofu! Mhofu!" popeza ankati kwawo n'ku Seke konkuno, mwana wa nthaka weniweni. Ife ana a Amalawi, amene makolo athu anabwera kudzalima fodya m'mafamu, tilibe wotifuulira mfunda, tilibenso mudzi wokadyerako Khirisimasi. Kwathu ndi pa Unit G, ndipo tikachoka pamenepo ndi kumanda. Eni dziko akatikwiyira amatitchula mabwidi.

Chidani changa ndi munthu ameneyu chinayambira pa maliro a amayi anga, Anachisale. Anabwera ndi tenti ndi matumba a ufa monga ankachitira pa maliro alionse m'dera lake. Anaima kutsogolo, nagwira pachifuwa, nalankhula Chishona chokoma ngati uchi.

"Mai ava vaiva mai vedu tese," anatero. Akuti amayi awa anali amayi a tonsefe.

Anthu anang'ung'udza movomereza. Nthawi yoona nkhope itakwana, iye anali pa foni kuseri kwa tenti. Kumanda sanafike, akuti kunali msonkhano ku Harare.

Kwathu maliro satha mpaka abale atakhala pa mphasa n'kumetedwa tsitsi. Amayi anabala awiri, ine ndi mlongo wanga Fabiano, amene anachoka pakhomo ali mwana, moti anthu a kuno ankangomva dzina lake. Tsiku lometa, pa mphasa tinakhalapo ine ndi mwana wanga Vongai basi. Lumo limene ndinagulira Fabiano ndinalikulunga mu mpango wa amayi n'kuliika pansi pa sutikesi.

Ndikudziwa mukuti, nanga phungu walakwanji, si anabweretsa tenti? Funso lanulo lisungeni, tidzalifuna kutsogoloku.

2

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha mpaka mpata unabwera wokha.

Ku Nyumba ya Malamulo kunabwera bilu yonena kuti mkazi wokhala ndi mwamuna popanda ukwati, amene kuno timati simolo hausi, azipatsidwa gawo la katundu akasiyana ndi mwamunayo. Amayi a mpingo anapsa mtima ngati awathira tsabola m'maso. Woposa onse anali Florida, wapampando wa amayi a Lachinayi pa tchalitchi chathu, amene mwamuna wake amagona ku Zengeza masiku ochuluka kuposa kunyumba kwake. Anafika pa benchi langa akupuma mothamanga.

"Mai Vongai, mwamva? Akuti nyumba yanga ndigawane ndi kamtsikana ka mawigi kaja!"

"Nanga phungu wathu akuti chiyani?"

"Akuti zvinoda kutaurirana, tikambirane. Akuti wakonza mawu ena kuti mkazi wa ukwati asapwetekeke."

"Ndiye kuti wavomera."

"Sanavomere, sanakane. Mukumudziwa mmene alili, amamwa tiyi ndi a mbali zonse."

"Mapanga awiri avumbwitsa," ndinatero, ndikumuikira tomato wa basera.

Ndikuuzeni zoona, biluyo ine sinkandikhudza. Mwamuna wanga anamwalira kalekale ndipo katundu amene anasiya ndi wilibala yopanda tayala. Ndinamvanso kwa anthu odziwa kuti zimene Bothwell anakonzazo zinali zanzeru ndithu. Koma ine sindinkafuna nzeru zake, ndinkafuna mpando wake, ndipo ukali wa Florida unali nkhuni zouma kale.

Florida ankafuna kuti tigube ndi zikwangwani mpaka ku ofesi ya phungu. Ndinamuseka.

"Kuguba n'kutha nsapato chabe, mayi. Adzatuluka, atimwetulire, atigulire zoziziritsa kukhosi, mawa aiwale. Munthuyu sangagwe pa chisankho chachikulu, dera lino limavotera chipani chathu ngakhale mutaimika tsache. Agwera pa chipulula."

"Mapulaimale?"

"Eya. Kumeneko amavota okhawo amene ali ndi khadi la chipani ndipo dzina lawo lili mu selo, kagulu ka chipani ka kumene amakhala. Anthu a Bothwell ndi aphunzitsi, manesi, a m'maofesi. Amakwera kombi kupita ku ntchito kusanache, amabwera kutada, msonkhano wa selo saudziwa n'komwe. Ife tili ndi Lachinayi, tilinso ndi maliro."

Florida anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Mai Vongai, ndale munaziphunzira kuti?"

"Pa mphasa," ndinamuyankha. Sanamve, ndipo sindinamufotokozere.

3

Amalawi a ku Chitungwiza tili ndi sosaite ya maliro imene makolo athu anayambitsa poona kuti m'dziko la eni ukafa wekha udzaikidwa ndi kansolo. Sosaite imeneyi siphonya maliro. Timaphika, timaimba, timasambitsa mtembo, ndipo ngakhale anzathu a Chishona amatiitana chifukwa nyimbo zathu zimagwira mtima. Pamenepo ndi pamene ndinatsegula ofesi yanga.

Mayi aliyense wolowa kumene timaphikira pa maliro ankatuluka ali membala wa selo. Florida ankamunong'oneza za nyumba yake imene ikupita kwa simolo hausi, ine ndinkamuuza tsiku lokatenga khadi ndi amene amuperekeze. Mayiyo ankabweretsa mchemwali wake, mpongozi wake, ndi woyandikana naye. Misonkhano ya selo imene kale kunkabwera anthu osadzaza benchi inayamba kudzaza ndi mipango yoyera. Posakhalitsa mipando ya m'maselo tinaitenga umodziumodzi, popanda phokoso.

Woimirira tinasankha Baba Hezekiah, mkulu wa mpingo wa Chishona, mwini sitolo ya simenti ndi misomali ku Town Centre, bambo amene mawu oti "mwina" sanawatchulepo chibadwire. Ena anati bwanji osaika wathu. Ndinawauza kuti mbwidi sangapambane kuno, ndipo palibe anatsutsa.

Chida chathu chachikulu chinali funso limodzi. Paliponse pamene Bothwell wachititsa msonkhano, mayi mmodzi ankaimirira mwaulemu, n'kugwada pang'ono.

"Pamusoroi Onarebo, bilu iya, hongu kana kwete?" Inde kapena ayi.

Bothwell ankakonza tayi. "Amayi anga, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Taganizirani mkazi amene wakhala ndi mwamuna zaka zambiri, wabala ana, wamanga naye nyumba..."

"Hongu kana kwete?"

"Ndiloleni ndifotokoze..."

Pamenepo Florida ankayambitsa nyimbo, tonse n'kuimirira n'kutuluka mu mzere, kumusiya akufotokozera mipando. Munthu wapakatikati amafuna nthawi kuti amveke, ndipo nthawiyo ndi imene tinkamumana.

Tsiku lina galimoto yake inaima pa Huruyadzo. Anatsika, napereka moni kwa onse, nafika pa benchi langa n'kufunsa mtengo wa tomato mokweza kuti anthu amve. Atawerama ngati akusankha, anatsitsa mawu.

"Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ndikufuna tsitsi lanu, Onarebo."

Tomato amene anali m'manja mwake anagwa pansi. Sanamutole, anandipatsa ndalama n'kuchoka, chenji ataiwala.

4

Chipulula chitayandikira, Baba Hezekiah anatiitanira kuseri kwa sitolo yawo, nkhope ili gwaa. Anati makhadi athu ndi ambiri koma sakukwana. Bothwell anali atakumbitsa mijigo m'malo amene mipopi inauma kalekale, ndipo mayi amene wasiya kugula madzi pa ngolo saiwala msanga.

"Mai Vongai, tsvagai tsvina yake, fufuzani litsiro lake," anatero. "Munthu aliyense ali ndi litsiro. Mkazi wachibwenzi, katangale, chilichonse."

Litsiro ndinali nalo lokwana kumukwirira mpaka m'khosi. Koma pakamwa panga panali pomangidwa ndi lumbiro, ndipo amene ndinawalumbirira anali pansi pa nthaka.

Vongai, amene amaluka tsitsi mu saluni ku Town Centre, anaona kuti ndasiya kudya. Mwanayu Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chishona.

"Mhamha, akakutadzirai chii munhu uyu?" anandifunsa. Akuti munthuyu anandilakwira chiyani.

"Luka mitu ya anthu, za ine uzisiye."

Mmawa mwake ndinapita kwa a Sunday, mkulu wa adzukulu a sosaite yathu, okumba manda. Ndi nkhalamba imene inali nafe pa famu ya ku Beatrice kumene ndinabadwira, ndipo ndi amene anakumba manda a amayi. Ndinawapeza akusoka nsapato pakhonde.

"Agogo, ndikufuna kuvundukula chiliza cha amayi Loweruka lisanafike tsiku lovota. Mundipezerenso thunthu la nthochi."

Anaika nsapato pansi. "Mwanawe, nthochi timaika m'manda m'malo mwa munthu amene wamira m'madzi kapena wafera kutali, mtembo wake osapezeka. Wamwalira ndani?"

"Fabiano."

"Usasewere ndi zimenezi. Iwe ndi ine tikudziwa kumene Fabiano ali."

"Munamuona akuponya dothi m'manda a mayi ake?"

"Ayi."

"Anameta?"

A Sunday anapukusa mutu.

"Ndiye ndiuzeni, agogo, ndi wamoyo uti amene sameta maliro a mayi ake? Kwa ine anafa. Ndikungofuna kumuika mwaulemu."

"Chibale ndi fupa, Lisnet, sichiola. Zimene ukufunazi zidzakupwetekanso iwe wemwe."

"Zindipweteke. Inu munalipo pamene amayi ankamuitana mpaka mawu kuwathera."

Nkhalamba ija inapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Kuli nthochi kuseri kwa nyumba ya mphwanga ku St Mary's," inatero.

Onarebo tinawaitana mwaulemu wonse, kudzera mwa komiti ya sosaite. Sakanakana. Mavoti onse a Amalawi akanakhala pamalo amodzi tsiku limenelo, ndipo Baba Hezekiah anali atavomera kale kubwera.

5

Kumanda kunadzaza ngati pa msika. Amayi a Lachinayi anali mbuu ndi yunifolomu, a chipani anabwera ndi malaya awo, ndipo alendo olemekezeka tinawaikira mipando kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi chiliza chimene chinali chofundidwa nsalu yoyera. Bothwell anakhala kumanja, Baba Hezekiah kumanzere. Anapatsana moni ngati anthu ogwirana ndi nsonga za zala.

Abusa atapemphera, a Sunday anaimirira ndi ndodo yawo.

"Mwambo wathu umati nsalu ya pa chiliza amachotsa ndi mwana wamwamuna. Malemu Anachisale anabala mwana wamwamuna, dzina lake Fabiano. Fabiano, ngati ulipo, bwera udzavundukule mayi ako."

Kunali zii. Ndinayang'ana Bothwell. Ankayang'ana nsonga za nsapato zake.

A Sunday anaitananso, kenako kachitatu. Palibe anasuntha. Pamenepo ndinaimirira ine.

"Abale, mlongo wanga tamudikira mokwana. Amayi akudwala sanabwere, pa maliro sanaponye dothi, pometa sanakhale pa mphasa. Wamoyo sachita zotero. Tavomereza kuti anafera kutali, ndipo lero timuika pafupi ndi mayi ake kuti mzimu wake usamayendeyende."

Adzukulu anatulukira kuseri kwa mitengo atanyamula thunthu la nthochi lokulungidwa mu nsalu yoyera, ngati mtembo wa mwana. Kumiyendo kwa manda a amayi anali atakumba kale kadzenje. Anthu a Chishona anayamba kunong'onezana, ena kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo mafoni anakwera m'mwamba. Ndinapatsa Florida chizindikiro. Amayi anayamba nyimbo ya maliro imene amayi anga ankaikonda, imene ankaiimba popalira fodya mwana ali kumbuyo. Florida ankaganiza kuti akungotonthoza mnzake wofedwa.

Thukuta linayamba kutsika m'masaya mwa Bothwell. Anatulutsa kampango, kanamugwa.

Thunthu lija analitsitsira m'dzenje. A Sunday anatapa dothi ndi fosholo, nakweza mawu.

"Fabiano, mwana wa Anachisale, kuyambira lero dzina lako sitidzalitchulanso pakati pa amoyo. Gona ndi mayi ako."

Dothi linagwera pa nsalu, phu.

Mpando wa kumanja unagwa chagada.

"Lekani! Achemwali, lekani! Ndili moyo ine!"

Sichinali Chishona cha uchi chija. Chinali Chichewa cha pa famu, chimene ankalira nacho ndikamamusambitsa ndi madzi ozizira. Onarebo Bothwell Mukarati, Mhofu wa ku Seke, anathamanga n'kugwada m'dothi ndi suti yake, navuula thunthu lija m'dzenje, n'kulikumbatira pachifuwa akulira ngati mwana.

"Amayi, ndine Fabiano! Musandikwirire, amayi, ndabwera!"

Nyimbo inadukira pakati. Ine ndinapita pa chiliza n'kumugwira paphewa.

"Wachedwa," ndinatero. "Koma poti wabwera, vundukula."

6

Tsopano tulutsani funso lanu lija.

Fabiano ndinamubereka kumbuyo ine. Pa famu, mphunzitsi wina wa Chishona, a Mukarati, anaona kuti mnyamatayo mutu wake umagwira. Masiku amenewo ana a Amalawi ambiri tinalibe zikalata zobadwira, ndipo popanda chikalata mayeso sulemba. Mphunzitsiyo anamutenga kupita naye ku Seke, namulembetsa ngati mwana wake, dzina latsopano, mfunda watsopano. Amayi anavina tsiku limenelo. Ine ndinasiya sukulu n'kulowa m'munda wa fodya kuti tizimutumizira sopo ndi nsapato.

Poyamba ankabwera pa holide. Kenako ankabwera mobisala. Mafamu atalandidwa ife n'kudzakhala ku Chitungwiza, iye anali atakwatira kale mwana wa anthu olemera, amene anawauza kuti amayi ake anamwalira kalekale. Atalowa ndale, anasankha dera lomwe amayi ake ankakhala, ndipo ankadutsa pa msewu wathu galasi la galimoto lili lotseka. Ufa ankatumiza ndi dalaivala, monga ankatumizira nkhalamba zina zonse.

Amayi sanadandaulepo. Akamuona pa TV ankasisita galasi ndi dzanja n'kumati, "Wanenepa mwana wanga." Atadwala ndinamuimbira foni. Anati abwera ikatha nkhani ina yofunika ku Nyumba ya Malamulo. Amayi anamuitana mpaka mawu anasanduka mpweya, koma asanatseke maso anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Lisnet, lumbira. Pakamwa pako pasadzatuluke kuti ndi mwana wanga. Akadziwa kuti ndi mbwidi amulanda mpando."

Ndinalumbira. Ndipo patangopita masiku ochepa ndinamumva ndi makutu angawa akuuza anthu kuti amayi awa anali amayi a tonsefe. A tonsefe! Mayi amene anamuyamwitsa anamugawa kwa anthu onse ngati ufa wa kampeni, kuti iye asatengeko gawo lake.

Tsiku lija pa Huruyadzo, pamene anawerama pa tomato, anandifunsa m'Chichewa. Chinenero sanachiiwale ayi, ankangochisunga m'thumba.

Lumbiro langa ndinalisunga. Fufuzani mawu onse amene ndinalankhula kumanda, simupezamo dzina la Bothwell. Anadziulula yekha.

7

Dzuwa lisanalowe, kanema wa phungu wokumbatira nthochi anali m'foni iliyonse kuyambira ku St Mary's mpaka ku Unit G.

Tsiku la chipulula amayi athu anafika pa mzere mbandakucha, makhadi ali m'mabulauzi, mabotolo a tiyi m'manja. Anthu a Bothwell ambiri anali m'makombi kupita ku ntchito, ndipo amene anabwera anabwera ndi manyazi. Amene ankamufuulira "Mhofu" anati anawanamiza. Athu anati munthu wokana mayi ake angakane aliyense. Anavumbwa pakati pa mapanga ake awiri, ndipo Baba Hezekiah anapambana mosachita kufunsa.

Ndinalulutira mpaka kukhosi kunauma. Ndisakunamizeni, zinandikoma.

Baba Hezekiah anakwera pa lole kuti athokoze anthu. Ananena za mabanja, za ukwati woyera, za bilu imene adzaikane ndi mawu onse. Amayi a sosaite tinali kutsogolo, tikuvina. Kenako anakweza chibakera.

"Nhasi tadzosa chigaro kuvana vevhu!" Akuti lero tabwezera mpando kwa ana a nthaka.

Anyamata ake anakuwa mokondwa. Nthungululu ya Florida inathera m'kamwa. Anandiyang'ana, inenso ndinamuyang'ana, ndipo tinapitiriza kuomba m'manja pang'onopang'ono chifukwa anthu ankationa.

Kutacha, pa khoma loyang'anizana ndi benchi langa pa Huruyadzo panali mawu a penti yofiira, akuluakulu: BWIDI DZOKERA KWENYU. Mbwidi bwerera kwanu. Analembera Bothwell, koma khoma silitchula dzina.

Vongai anabwera kuchokera ku saluni maso ali ofiira. Makasitomala anakhala tsiku lonse akuseka za mabwidi amene amaika nthochi m'manda, iye ali chete, akuwaluka. Anaponya chikwama pa mpando, ndipo kwa nthawi yoyamba chikulire anandiyankhula m'Chichewa.

"Mwawina, amayi. Koma akutukwana tonse. Ndipo amalume ndinali nawo nthawi yonseyi, inu osandiuza."

Ndinamuuza kuti akatenthetse madzi a tiyi. 

8

Fabiano anabwera ku Unit G Lamulungu lina mmawa, pa kombi, atavala malaya wamba. Mkazi wake anali atapita kwa makolo ake kukaganiza. Sanagogode. Anakhala pansi pakhonde, pa simenti, miyendo atatambasula ngati wofedwa.

"Achemwali, ndabwera kudzameta."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinamasula mpango wa amayi. Lumo linali litachita dzimbiri m'mbali. Vongai anabweretsa sopo ndi madzi, ine ndinamuuza kuti abwerere nazo.

Ndinamumeta pouma. Lumo linkakoka tsitsi m'malo modula, ndipo m'malo ena magazi anatuluka n'kutsikira kuseri kwa khutu. Sanadandaule, sanasunthe mutu. Pamwamba pa khutu lamanzere ndinapeza chipsera chimene anavulala atagwa kumsana kwanga tili ana, ndipo pamenepo pokha dzanja langa linafewa.

Nditamaliza anagwira mutu wake ndi manja onse awiri.

"Mwandikhululukira, achemwali?"

"Ndakumeta. Zokhululuka ukafunse amene unawasiya akukuitana."

Anagwedeza mutu. Vongai anamupatsa tiyi, namutchula kuti amalume, ndipo ine sindinamuletse.

Inu owerenga, ena mwa inu mukuti ndine mfiti, ena mukuti ndinachita bwino. Sindinalembe kuti mundiweruze. Mutandibwezera kumanda kuja, nthochi ija ndingaiikenso, chifukwa amayi anga anayenera kuliridwa ndi mwana wawo pamaso pa anthu, ndipo analiridwa. Amene muli pa mipando, dziwani kuti amayi ophika pa maliro amawerenga amene wabwera, amene wathawa, ndi amene akuyankha funso mozungulira. Amene muli ndi mayi wosauka kuseri kwa tauni, pitani mukamuone anthu akuona.

Koma amene muli ndi mkwiyo ngati wanga ndipo mwapeza gulu loukwezera, yang'anitsitsani munthu amene mukumunyamula paphewa. Baba Hezekiah anakana bilu ija mofuula monga analonjezera. Mwamuna wa Florida akugonabe ku Zengeza. Phungu wathu watsopano sanapondepo pa maliro a sosaite chipambanire, ndipo tenti timabwereka.

Amayi anaopa chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wawo adzalandidwa mpando chifukwa ndi mbwidi. Ndi zimene zinachitika, ndipo makhadi ake ndinagawa ndine.

Fabiano amabwera Loweruka lililonse kudzapalira manda, ndipo tsitsi lake linameranso. Mawu aja pakhoma sanafufutike. Ndimawawerenga mmawa uliwonse ndikamayala tomato.